Stellaris: anthu asiya kuchulukana, ndipo pulaneti limene ndinalanda likufuna kuukira

Nthanda_88

Moni nonse a m'gulu muno. Ndabwera ndi vuto limene landizunguza mutu kwa masiku atatu, ndipo ndikupempha amene mwakhalitsa pa Stellaris, masewera a pakompyuta olamulira ufumu wa m'mlengalenga, kuti mundiunikire. Ndikusewera mtundu wa 3.14, ufumu wanga ndi wa demokalase, wa maganizo amene masewerawa amawatcha egalitarian ndi xenophile, kutanthauza kuti nzika zanga zimafuna kuti onse azionedwa mofanana ndipo zimakonda alendo. Ndafika chaka cha 2290, ndili ndi mapulaneti 11 ndi anthu pafupifupi 400, powerenga monga mmene masewerawa amawerengera ma pop, timagulu ta anthu timene kalikonse kamatengedwa ngati munthu mmodzi.

Vuto loyamba ndi lakuti pa likulu langa anthu angoima, sakuwonjezereka, chonsecho ntchito zopanda ogwira zilipo zambiri ndipo chakudya chikusefukira m'nkhokwe. Vuto lachiwiri ndi pulaneti limene ndinalanda pa nkhondo zaka 6 zapitazo. Bata lake, limene amalitcha stability, latsika kufika pa 22, umbanda wakwera, ndipo ndalandira chenjezo lakuti anthu akukonza zoukira. Ndamangako malo a apolisi awiri koma palibe chasintha. Kodi ndikulakwitsa pati?

Kadziotche

Achimwene, mitundu yonse ya anthu imakula nthawi imodzi pa pulaneti, choncho ingodikirani, achulukana okha.

Mlalang'amba

A Kadziotche, zimene mukunenazo ndi za 4.0, mtundu umene unatuluka mu May 2025 pamodzi ndi gawo lowonjezera la masewerawa lotchedwa BioGenesis, pamene anasintha kawerengedwe konse ka anthu. Mnzathuyu wanena momveka kuti ali pa 3.14, ndipo kumeneko mtundu umodzi wokha wa anthu ndi umene umakula pa pulaneti pa nthawi imodzi.

A Nthanda, ndiyamba ndi vuto lanu loyamba chifukwa ndi la masamu chabe. Kuchokera pa mtundu wa 3.0, umene unabwera ndi gawo lowonjezera la Nemesis mu April 2021, mpaka pa 3.14 wanuyo, pali zingwe ziwiri zimene zimakoka kukula kwa anthu, ndipo osewera ambiri amaona chimodzi chokha.

Chingwe choyamba chili pa ufumu wonse. Kuti munthu mmodzi watsopano abadwe, pulaneti liyenera kusonkhanitsa mapointi 100, ndipo popanda zowonjezera limasonkhanitsa 3 pa mwezi. Koma pa 100 ameneyo masewerawa amawonjezerapo 0.25 pa munthu aliyense amene muli naye kale mu ufumu wonse. Inuyo muli ndi anthu 400, choncho pulaneti lililonse likufunika mapointi 200. Munthu amene akanabadwa m'miyezi pafupifupi 33 popanda chiwonjezerocho tsopano akutenga miyezi pafupifupi 67. Pamenepa palibe chimene mwalakwitsa, umu ndi mmene anakonzera.

Chingwe chachiwiri chili pa pulaneti lenilenilo, ndipo apa ndi pamene ndikukayikira kuti pali vuto lanu. Pulaneti lililonse lili ndi malire a anthu amene lingasunge, ndipo malirewo amachokera ku nyumba zimene mwamanga pamodzi ndi malo amene sanamangidwepo kanthu. Anthu akakhala chapakatikati pa malirewo amabereka mofulumira kuposa nthawi zonse, koma akamayandikira malirewo kubereka kumazirala mpaka kungotsala pang'ono kuima. Ntchito zopanda ogwira sizikweza malirewo, chakudya chochuluka sichiwakwezanso. Tatiuzani, kodi pa likulu lanu nyumba zopanda anthu zatsala zingati, ndipo kodi zotchinga zonse za pa nthaka, monga mapiri ophulika ndi nkhalango, munazichotsa?

Nthanda_88

Ndayang'ana tsopano. Nyumba zopanda anthu zatsala 2 zokha, ndipo zotchinga zitatu ndinazisiya chifukwa ndinkaona ngati kuzichotsa n'kuwononga mphamvu pachabe. Zigawo zambiri ndinamanga za mafakitale pofuna zitsulo zopangira zombo za nkhondo.

Mlalang'amba

Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. Chotsani zotchingazo ngakhale musanaganize zomangapo, chifukwa malo akangotseguka malire a pulaneti amakwera. Kenako mangani chigawo cha mzinda chimodzi kapena ziwiri, kapena Luxury Residences ngati muli ndi malo a nyumba yaikulu, pakuti imeneyo imapereka pogona pamodzi ndi zosangalatsa anthu. Mudzaona nambala ya kakulidwe ikusintha mwezi wotsatira womwewo.

Tsokonombwe

Ine sindivutika ndi masamu onsewa. Poyambitsa masewera atsopano pali pamene mungasinthe nambala ya 0.25 ija, ndipo ine ndimaiika pa 0. Paradox, kampani yopanga masewerawa, inaika lamuloli pofuna kuchepetsa ntchito ya kompyuta, osati chifukwa chakuti limakometsa masewera. Poyamba inali 0.5, anthu anadandaula kwambiri, ndiye anaitsitsa n'kupereka mwayi woti aliyense asinthe yekha. Ngati eni ake anabwerera m'mbuyo chotero, ine ndiumirirenji?

Gogo_Kompyuta

A Tsokonombwe, walira mvula walira matope. Ine ndinayesa zimene mukunenazo pa laputopu yanga yakale, pa mlalang'amba wa nyenyezi 800. Pofika chaka cha 2400 mwezi umodzi wa m'masewera unkayenda ngati nkhono, makina akutentha ngati mbaula, ndipo masewerawo ndinawasiya osawamaliza. Musaiwale kuti mukachotsa lamulolo mwachotseranso maufumu onse a kompyuta, ndipo munthu aliyense wa maufumu amenewo amayenera kuwerengedwa ntchito yake, maganizo ake ndi chisangalalo chake. Amene ali ndi makina amphamvu achite zimenezo, koma si malangizo opatsa aliyense.

Tsokonombwe

Chepetsani nyenyezi ndi mapulaneti okhalika, vutolo litha. Komabe ndavomera kuti sizithandiza a Nthanda, popeza masewera awo anayamba kale ndipo nambalayo sisinthika pakati pa ulendo.

Gogo_Kompyuta

Mundilole ndipatuke pang'ono, chifukwa achinyamata ena amaganiza kuti zimenezi zinayamba ndi Stellaris mu 2016. Master of Orion II, ya mu 1996, inali kale ndi lamulo lofanana nalo: pulaneti lodzaza theka linkabereka msanga kuposa lopanda anthu kapena lodzaziratu. Tinkasunga timapulaneti ting'onoting'ono tokhala ndi munthu mmodzi, n'kutiika pa ntchito yomanga nyumba yokhayokha, ndipo aliyense wobadwa kumeneko tinkamunyamula pa zombo za katundu kupita naye ku pulaneti lalikulu. Maganizo enieniwo ndi akale kuposa makompyuta. Katswiri wa masamu wa ku Belgium, Pierre François Verhulst, analemba mu 1838 za mmene chiwerengero cha anthu chimakwerera pang'onopang'ono poyamba, kenako mofulumira, kenako n'kufooka chikamayandikira malire a zimene malo angakwanitse. Opanga masewera angobwereka mzere wokhotakhota womwewo.

Chiphaliwali

Agogo, mbiriyo ndi yokoma, koma pulaneti la mnzathu likuyaka moto pamene ife tili mu 1838.

A Nthanda, apolisi amene munamangira aja akuchiza chizindikiro, matenda akuwasiya. Umbanda umachokera kwa anthu osakondwa, ndipo apolisi amachepetsa umbandawo koma samusangalatsa munthu. Kuyambira pa 2.2, mtundu wa mu December 2018 umene unachotsa timabwalo ta pa pulaneti n'kubweretsa zigawo ndi ntchito, chisangalalo cha munthu mmodzi sichikweza zokolola zake mwachindunji. Chimene chimachitika n'chakuti masewerawa amatenga chisangalalo cha anthu onse a pa pulanetilo, n'kuchiyeza molingana ndi mphamvu ya ndale ya gulu lililonse, ndipo zotsatira zake ndi zimene zimakweza kapena kutsitsa bata. Bata la 50 ndi la pakati. Likakwera pamwamba pa 50 zokolola za ntchito zonse zimawonjezeka mpaka 30 peresenti pa 100, likatsika zokolola zimagwa, ndipo likakhalitsa pansi pa 25 mumayamba kuona zimene mukuonazo. Kuyambira pa 3.4, kuukira kumayenda pang'onopang'ono pa mzere umene mumauona ndi maso, choncho nthawi yokonza zinthu muli nayo.

Tsegulani pulanetilo, muloze pa munthu mmodzi wa gulu lililonse, muwerenge zimene zikumuchotsera chisangalalo. Mutiuze zinthu zinayi: nambala ya amenities (zosangalatsa anthu), chiwerengero cha malova, ufulu umene munapatsa mtundu wogonjetsedwawo, ndi maganizo amene ambiri a iwo ali nawo.

Nthanda_88

Zikomo a Chiphaliwali. Pulanetilo lili ndi anthu 38. Amenities ali pa -14. Malova alipo 7, ndipo 5 mwa iwo ndi a gulu la akatswiri, chifukwa nditalanda ndinagwetsa akachisi awo awiri pofuna kumangapo malo a kafukufuku, amene mpaka pano sanathe. Ambiri ndi a maganizo a spiritualist ndi militarist, kutanthauza okonda zachipembedzo ndi zankhondo. Za ufulu, ndinawapatsa Residence, ufulu wongokhala m'dzikomo popanda unzika wonse, poopa kuti akakhala nzika zonse adzasokoneza zisankho.

Chiphaliwali

Ndiye kuti munawalanda dziko, munawagwetsera akachisi, munawachotsa ntchito, munawamana unzika, kenako munawatumizira apolisi. Ngakhale ine ndikanaukira.

Akachisi aja ankapereka ntchito za ansembe, ndipo ansembe amatulutsa amenities pamodzi ndi unity, mapointi a umodzi wa ufumu. Powagwetsa munadzipweteka kawiri. Katswiri akachotsedwa ntchito satsika msanga kukhala wantchito wamba. Amakhala kaye lova kwa nthawi, ali wokwiya, ndipo popeza mawu a katswiri amalemera kuposa a mlimi kapena wa mumgodi, mkwiyo wa anthu 5 amenewo ukukoka bata la pulaneti lonse. Choyamba mangani Holo-Theatres. Ntchito za asangalatsi ndi za gulu la akatswiri, choncho nyumba imodziyo idzameza ena mwa malova anu n'kutseka dzenje la amenities nthawi imodzi. Pamene mukudikira kuti imangidwe, gwiritsani ntchito chiganizo cha Distribute Luxury Goods ngati muli ndi consumer goods (katundu wogwiritsa ntchito anthu) okwanira. Zikafika poipa zedi pali Martial Law, imene imagula bata ndi asilikali, koma imadula zokolola ndi kubereka komwe, choncho ikhale ya masiku ochepa.

Nkhwazi_Yakuda

Njira zonsezi n'zodula. Ine ndimasewera maufumu a authoritarian, olamulira mopondereza, ndipo mavuto otere sindiwadziwa. Pansi pa Stratified Economy, dongosolo la kakhalidwe losiyanitsa magulu a anthu, mawu a olamulira amalemera kwambiri, a antchito wamba n'kukhala opepuka ngati mankhusu. Ndikasangalatsa olamulira awiri kapena atatu ndi akatswiri ochepa, bata limakhala pamwamba ngakhale a m'migodi akulira, ndipo consumer goods amene ndikanawononga pa iwo ndimawapereka kwa ofufuza. Masewerawa safuna kuti aliyense akondwe, amafuna kuti akondwe amene mawu awo amawerengedwa. Amene akuthamangitsa chisangalalo cha 90 peresenti pa munthu aliyense akungotaya chuma.

NaMaluwa

A Nkhwazi, pa masamu mukunena zoona, koma mwabisa mbali ina ya nkhaniyi. Antchito osakondwawo amatulutsabe umbanda, ndiye mumalemba apolisi ambiri, ndipo wapolisi aliyense ndi munthu amene akanakhala wofufuza kapena wosula zitsulo. Kuwonjezera apo, munthu wosakondwa amatayana ndi maganizo a boma mosavuta, ndipo oponderezedwa amakokeredwa ku maganizo a egalitarian. Pakapita zaka makumi angapo mumapeza chipani chachikulu chotsutsa chimene simungachikondweretse popanda kugwetsa dongosolo lanu lonse. Ine ndinaona zimenezi mu ufumu wanga wa akapolo: zaka 80 zoyambirira zinali zokoma, kenako mapulaneti atatu a migodi anayamba kuvuta pa nthawi yomweyo imene adani anafika pa malire.

Komanso malangizo anu a Nthanda sangawagwiritse ntchito, chifukwa Stratified Economy siloledwa kwa a egalitarian. Chimene iwo ali nacho ndi Utopian Abundance, imene imadya consumer goods ambiri koma imapatsa magulu onse chisangalalo chofanana, ndipo pansi pake ngakhale lova sakwiya, amatulutsa kafukufuku pang'ono ndi unity. Social Welfare ndi yotsika mtengo ndipo nayonso imachotsa ululu wa ulova.

Nkhwazi_Yakuda

Amayi, mapulaneti anu anavuta chifukwa simunaike asilikali okwanira. Koma pa mfundo yakuti mnzathuyu sangatsate njira yanga, ndagonja.

NaMaluwa

Msilikali nayenso ndi munthu amene sakulima. Tikubwerera pomwe paja.

A Nthanda, za Residence ndikupemphani muganizirenso. Mantha anu a zisankho ndi aakulu kuposa vuto lenilenilo. Ufulu wochepawo ukuchotsera anthuwo chisangalalo, ndiponso chipani chanu cha xenophile, chimene mwina ndi chachikulu mu ufumu wanu, chimafuna kuti alendo asamasalidwe. Chipani chikakhumudwa, mamembala ake pa mapulaneti onse amatsika chisangalalo, ndipo unity amene chimapereka amachepa. Choncho chilango chimene munapereka kwa anthu 38 chikhoza kukhala chikulipiridwa ndi anthu a pa likulu lanu. Kumbukirani chabe kuti ufulu wa mtundu mukausintha mumadikira zaka 10 musanausinthenso, ndiye onani ngati nthawiyo yakwana.

Mlalang'amba

Ndiwonjezere chenjezo limodzi pa amenities, chifukwa a Nthanda akhoza kuchoka ku mbali ina n'kugwera ku inzake. Kuperewera kumalanga kwambiri kuposa mmene kuchuluka kumapindulitsira, ndipo phindu la kuchulukako lili ndi malire. Cholinga chikhale kukhala pamwamba pa 0 pang'ono. Ndaonapo anthu ali ndi amenities +40 pa pulaneti la anthu 30, asangalatsi anayi akuvina pamene migodi ilibe anthu. Pamenepo tsekani ntchito imodzi kapena ziwiri, anthuwo apite kumene akufunika.

Apa ndi pamene mavuto anu awiri aja akukumana. Munthu aliyense wobadwa amafuna nyumba, ntchito ndi amenities, ndiye kukula kumene mukukufuna pa likulu ndi komwenso kudzatsitse bata mukapanda kukonzekera. Ine ndimayesetsa kuti pulaneti lililonse likhale ndi nyumba zopanda anthu zingapo ndi ntchito imodzi kapena ziwiri zodikira, osapitirira apo, chifukwa nyumba yaikulu yomangidwa anthu asanafike imangodya mphamvu, ndipo ikhoza kukoka alimi onse kusiya minda n'kukakhala akatswiri.

Kadziotche

Nanga bwanji zipatala za Gene Clinics? Ine ndimamanga pa pulaneti lililonse pofuna kuti anthu abereke msanga.

Tsokonombwe

Werengani bwino musanamange. Wachipatala mmodzi amawonjezera 5 peresenti pa kakulidwe, ndipo nyumbayo imalemba anthu awiri. Pa mapointi 3 a pa mwezi, phindu lake ndi 0.3. Ngati munthu mmodzi akufuna mapointi 200, padzapita zaka zoposa 50 kuti chipatalacho chikupatseni munthu mmodzi wowonjezera, pamene anthu awiri akhala akugwira ntchito mmenemo nthawi yonseyo.

NaMaluwa

Mwawerenga kubereka kokha. Achipatala amaperekanso amenities ndipo amathandiza anthu kupirira pa pulaneti losagwirizana ndi matupi awo, choncho pa pulaneti laling'ono limene silikufunika Holo-Theatres yonse amakwanira bwino. Koma ngati funso ndi kuchulukitsa anthu basi, ndikugwirizana nanu kuti Robot Assembly Plants ndi yoposa, pakuti maloboti amapangidwa pa mzere wawo wosiyana ndi wa obadwa, ndiye pulaneti limakula mbali ziwiri nthawi imodzi. A Nthanda asamale chabe kuti a spiritualist amene angowalandawo amadana ndi maloboti, ndipo akapanga chipani chawo nkhani imeneyi idzakhala pa mndandanda wa madandaulo awo.

Gogo_Kompyuta

Njira ina imene a xenophile amaiwala ndi mapangano a kusamuka ndi maufumu oyandikana nawo. Mtundu umene umakonda chipululu kapena madzi oundana ukalowa mu ufumu wanu, mapulaneti amene kwa anthu anu anali okhalika pa 20 kapena 30 peresenti chabe amasanduka malo abwino okhala. Pulaneti lililonse latsopano ndi mzere winanso wa kubereka, ndipo malova a kumeneko amasamuka okha kupita kumene kuli ntchito ndi nyumba, makamaka mukamanga Transit Hub pa siteshoni ya nyenyeziyo. Ndi nzeru yomwe ija ya timapulaneti ta mu 1996, yangovala malaya ena.

Nthanda_88

Ndabweranso nditasewera zaka 9 za m'masewera. Pa likulu ndinachotsa zotchinga zitatu zija n'kumanga zigawo ziwiri za mzinda, ndipo anthu ayambanso kuwonjezereka, ngakhale kuti si mwa liwiro la poyamba, monga a Mlalang'amba ananenera. Pa pulaneti lolanda lija ndinamanga Holo-Theatres, ndinagwetsa malo amodzi a apolisi, ndipo zaka 10 zitakwana ndinawapatsa unzika wonse pamodzi ndi Social Welfare. Bata lachoka pa 22 kufika pa 54, ndipo chenjezo la kuukira lachoka.

Koma ndapalamula china. Posafuna kudikira, ndinaloleza lamulo losamutsa anthu mokakamiza, n'kunyamula malova anayi kupita nawo ku likulu. Tsopano chipani cha egalitarian, chimene chili ndi anthu ambiri kuposa zonse, chakhumudwa, ndipo bata latsika pang'ono pa mapulaneti asanu ndi limodzi. Kodi ndibweze lamulolo, kapena ndipirire popeza ndikufunabe kusamutsa anthu ena kupita ku pulaneti la zitsulo?

Chiphaliwali

Malamulo a boma nawonso amamangika zaka 10 mukawasintha, choncho kubweza lero simungathe. Popeza mtengo wake mwalipira kale, samutsani onse amene mukufuna kusamutsa m'zaka zimenezi, malinga mphamvu ndi unity zikukwanira, ndipo tsiku limene loko adzatseguke mudzaletsenso lamulolo. Pakadali pano tsegulani tsamba la zipani muone zofuna zina za chipanicho zimene mungakwaniritse mosavuta, kuti zikwirire dzenjelo.

NaMaluwa

Musanyamule a spiritualist ambiri kupita ku pulaneti la zitsulo ngati kumeneko kuli maloboti. Ndiponso yang'anani kaye kuti mtundu wawo ukugwirizana bwanji ndi nyengo ya pulanetilo, chifukwa munthu wokhala pamalo osamuyenera amadya zambiri, amafuna amenities ambiri, ndipo amatulutsa zochepa. Ngati nambalayo ili pansi pa 60 peresenti, ine ndikanawasiya kwawo n'kuwamangira mafakitale komweko.

Nthanda_88

Ili pa 45 peresenti. Ndiwasiya kwawo, ndipo chigawo cha mafakitale ndachiika kale pa mzere womanga. Malo a kafukufuku aja atha, koma malo amodzi a nyumba yaikulu atsala opanda kanthu pamene panali apolisi, ndipo ndikulingalira zoikapo Luxury Residences popeza nyumba zopanda anthu zatsala 3 zokha.